FAT32, NTFS kapena ext4? Musanadine "Format", werengani kaye izi

Teremu yatha, nthawi ya buleki, mnyamata wina wa Fomu 3 anandipeza mu labu ndikulongedza mawaya ndi mabatire. Anali ndi fulashi m'manja, nkhope ili yokwinyika.

"Aphunzitsi, fulashi iyi ndi ya 16 GB, mulibe kalikonse, koma ikukana vidiyo ya 5 GB. Andigulitsa yafeki eti?"

Tinayilowetsa mu laputopu yanga n'kuyesanso. Windows inalemba kuti: "The file is too large for the destination file system." Ndinamuuza kuti atsegule Properties ya fulashiyo n'kuwerenga mzere wolembedwa File system. Panali mawu akuti FAT32. Fulashiyo inalibe vuto lililonse. Chimene chinkakana vidiyoyo ndi dongosolo limene fulashiyo imasungira mafayilo.

Mawu omwewa akuti file system mudzakumana nawo tsiku limene mudzaike Windows kapena Linux pa kompyuta. Kwa ena a inu tsikulo silili kutali. Mwina achimwene akusiyirani laputopu yakale yochedwa ngati kamba, ndiye mnzanu wakuuzani kuti mukaikamo Linux Mint iyamba kuthamanga. Mkati mwa ntchitoyo mumabwera sikirini yodzaza ndi mayina achilendo, ext4, NTFS, FAT32, Btrfs, komanso kabokosi kolembedwa "Format". Mukalakwitsa pa fulashi mumangokwiya basi. Mukalakwitsa pa sikirini iyi mutha kutaya zithunzi, manotsi ndi ntchito ya zaka zingapo. Ineyo zinandichitikirapo, ndipo ndifotokoza kutsogoloku. Koma tiyambe ndi fizikisi yake.

Disiki sidziwa kuti fayilo n'chiyani

Mu hard disk yakale ija muli mbale zopyapyala zokutidwa ndi zinthu zogwira maginito. Mbalezi zimazungulira ka 5400 kapena ka 7200 pa mphindi imodzi, ndipo kamutu kakang'ono kamayenda pamwamba pake kakusintha mbali imene maginito a timadontho ting'onoting'ono aloza. Mu SSD ndi mu fulashi mulibe choyenda. Muli timaselo totsekera ma electron, ndipo kuchuluka kwa chaji m'kaselo ndi kumene kumaimira nambala. Njira zonse ziwirizi zimasunga chinthu chimodzi chokha: ma 0 ndi ma 1.

Ma 0 ndi ma 1 amenewa amaikidwa m'timagawo tokhala ndi manambala totchedwa sector. Pa madisiki ambiri sector imodzi ndi ma byte 512. Tengani kakyuleta: disiki ya 500 GB ili ndi ma byte 500,000,000,000. Mukagawa ndi 512 mupeza 976,562,500. Ndiye kuti timagawo pafupifupi 1 biliyoni.

Yerekezerani sitolo yosungiramo katundu yokhala ndi mabokosi ochuluka chonchi, onse ofanana, bokosi lililonse lili ndi nambala yokha. Mwasungitsa buku lanu, ndipo wosunga sitolo walithothola masamba n'kuwaika m'mabokosi osiyanasiyana. Mawa mukabwera adzalipeza bwanji? Akufunika kaundula wonena kuti buku lakuti lili m'mabokosi akuti, motsatana chonchi, mwini wake ndi uje, linabwera tsiku lakuti, ndipo mabokosi opanda kanthu ndi awa. File system ndi kaundula ameneyu pamodzi ndi malamulo a kalembedwe kake. FAT32, NTFS ndi ext4 ndi mitundu yosiyana ya kaundula. Mabokosi ndi omwewo, chosiyana ndi kalembedwe.

Kufomata ndi kulemba kaundula watsopano wopanda kanthu. N'chifukwa chake "Quick Format" imatha m'masekondi ochepa: siipita m'bokosi lililonse, imangotaya kaundula wakale n'kunena kuti mabokosi onse ali pululu. Katundu amakhala akadalimo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake, koma palibenso wodziwa kuti chili pati n'chiyani.

File system siwerenga sector imodziimodzi. Imazimanga m'magulu otchedwa cluster kapena block, ndipo pa NTFS ndi ext4 gulu limodzi nthawi zambiri ndi ma byte 4096. Fayilo ya ma byte 5000 siikwana m'gulu limodzi, choncho imatenga awiri, ma byte 8192. Mukatsegula Properties ya fayilo mu Windows mumaona mizere iwiri, "Size" ndi "Size on disk". Kusiyana kwa manambala awiriwa kumachokera pamenepa.

Chifukwa chake FAT32 inakana vidiyo ija

FAT ndi chidule cha File Allocation Table. Kampani ya Microsoft inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1977, ndipo FAT32 inabwera mu 1996, nthawi ya Windows 95. Kaundula wake ndi wosavuta. Fayilo iliyonse ili ndi mzere wonena dzina lake, kukula kwake ndi cluster yoyamba. Kenako tebulo limanena kuti ukachoka pa cluster iyi pita pa iyo, ukachoka pa iyo pita pa ina, ngati unyolo, mpaka kumapeto.

Malo olembapo kukula kwa fayilo ali ndi ma bit 32 okha. Bit iliyonse ndi 0 kapena 1, choncho ma bit 32 amapereka manambala 2³², omwe ndi 4,294,967,296. Popeza timayamba kuwerenga pa 0, nambala yaikulu imene ingalembedwe ndi 4,294,967,295. Imeneyi ndi 4 GB kuchotsapo byte imodzi. Zili ngati kakyuleta ya manambala asanu ndi atatu: ngakhale mutaikamo batire latsopano, singalembe 100,000,000. Fulashi ya mnyamata uja inali ndi malo ambiri, koma kaundula wake analibe polemba nambala yaikulu ngati 5 GB. Mu 1996 zimenezi sizinkadetsa nkhawa, chifukwa ma hard disk ambiri a nthawiyo sankafika n'komwe 4 GB.

Nanga bwanji FAT32 ikadalipo? Chifukwa pafupifupi chipangizo chilichonse chimaidziwa: wailesi ya mu minibasi, TV, kamera, pulinta, Windows, Linux, Mac. Ndipo makompyuta amakono, amene amayaka kudzera mu UEFI, ali ndi kachigawo kakang'ono pa disiki kotchedwa EFI System Partition, kamene kamasunga mafayilo oyatsira operating system. Kachigawoka kamakhala ka FAT32, chifukwa pulogalamu ya mu motherboard imayenera kukawerenga Windows kapena Linux isanayambe n'komwe kugwira ntchito.

Magetsi akazima pakati pa ntchito

Apa ndi pamene nkhaniyi imatikhudza kwambiri ife amene magetsi amatizimira osatsanzika. Kusunga fayilo imodzi si ntchito imodzi. Kompyuta iyenera kulemba kuti ma cluster akuti atengedwa, kulemba zamkati mwa fayiloyo, kenako kulemba dzina ndi kukula kwake mu foda. Magetsi akazima itachita ntchito yoyamba koma yachitatu isanachitike, kaundula amatsala akudzitsutsa yekha. Mabokosi ena alembedwa kuti ali ndi katundu koma alibe mwini, kapena dzina lilipo koma likuloza malo olakwika.

Pa FAT32 njira yokonzera ndi kufufuza kaundula yense kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ngati munaonapo foda yotchedwa FOUND.000 yokhala ndi mafayilo othera ndi .CHK, zimenezo ndi zidutswa zopanda mwini zimene pulogalamu ya chkdsk inatola.

NTFS ndi ext4 zili ndi nzeru ina yotchedwa journal. Wosunga sitolo uja tsopano ali ndi kabuku kakang'ono m'thumba. Asanakhudze kaundula wamkulu, amayamba walemba m'kabukumo zonse zimene akufuna kusintha, n'kuika chizindikiro chakuti wamaliza kulemba. Akatero ndi pamene amasintha kaundula wamkulu. Magetsi akabwera amangotsegula kabukuko. Ntchito imene ili ndi chizindikiro amaimalizitsa, yopanda chizindikiro amaitaya ngati sinayambe. Zimatenga masekondi ochepa ndipo kaundula amakhala wolongosoka.

Koma musamve molakwa. Journal imateteza kaundula, siteteza chimangirizo chimene mumalemba koma simunachisunge. Ngakhale fayilo imene inkalembedwa pa nthawi imene magetsi anazima itha kutsala yoduka. Chimene journal imaletsa ndi chakuti vuto la fayilo imodzi lisokoneze disiki yonse. Pa chigawo chimene pakhale operating system, imene imalemba timafayilo tambirimbiri nthawi zonse, chitetezo chimenechi n'chofunika kwambiri.

Windows ili ndi yake, Linux ili ndi yake

NTFS inabwera mu 1993 ndi Windows NT 3.1. Kuwonjezera pa journal, imalemba mwini wa fayilo iliyonse komanso amene akuloledwa kuiwerenga kapena kuisintha. Mukamaika Windows 10 kapena 11 simufunsidwa n'komwe mtundu wa file system. Mumangosankha chigawo, iyo imachipanga NTFS. Chokhacho chimene mungalakwitse pamenepo ndi kusankha chigawo cholakwika.

Linux imakupatsani ufulu wambiri, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepo. Yankho losavuta ndi ext4. Inakhazikika mu Linux mu Disembala 2008, ndipo Ubuntu, Linux Mint ndi Debian zimasankha yomweyi mukazisiya kuti zisankhe zokha. Yagwiritsidwa ntchito zaka zambiri pa makompyuta ochuluka, ndipo mukakumana ndi vuto, opereka thandizo ndi ambiri. Linux singakhale pa FAT32, chifukwa imadalira kuti kaundula alembe mwini wa fayilo, zilolezo zake, ndi mafayilo ena amene amangoloza anzawo. FAT32 ilibe polemba zimenezi. Pali chinanso chimene chimadabwitsa ozolowera Windows: pa ext4, Notes.txt ndi notes.txt ndi mafayilo awiri osiyana.

Pamndandanda mudzaonanso Btrfs ndi XFS. Btrfs siilemba pamwamba pa zakale. Imalemba zatsopano pamalo ena kenako n'kusintha kaundula kuti aloze kumeneko, ndipo chifukwa cha ichi imatha kusunga chithunzi cha mmene disiki inalili dzulo kuti mubwererenso zinthu zikaipa. Fedora inayamba kuisankha yokha mu 2020. XFS imachita bwino ndi mafayilo akuluakulu pa ma server, ndipo Red Hat Enterprise Linux inaisankha kuyambira mu 2014, koma chigawo cha XFS n'chosavuta kuchikulitsa, kuchichepetsa ayi. Makompyuta a Apple ali ndi yawoyawo, APFS, kuyambira mu 2017. Ngati aka n'koyamba kuika Linux, zisiyeni izi, tengani ext4. Btrfs mudzaiyesa mukadzazolowera.

Ena amafunsa ngati SSD imafuna file system yosiyana ndi ya hard disk. Pa hard disk ya 7200 pa mphindi, mbale imazungulira ka 120 pa sekondi, ndiye kuzungulira kamodzi ndi 1/120 ya sekondi, pafupifupi ma millisecond 8.3. Fayilo ikamwazikana m'malo ambiri, kamutu kaja kamayenera kusuntha ndi kudikira mbale pa chidutswa chilichonse, ndipo timphindi timeneti tikaphatikizana kompyuta imachedwa. NTFS ndi ext4 zimayesetsa kuika fayilo m'malo otsatizana. SSD ilibe chodikira chotere, koma maselo ake amayenera kufufutidwa asanalembedwenso, choncho file system imaiuza ma cluster amene sakugwiranso ntchito kudzera mu lamulo lotchedwa TRIM. NTFS ndi ext4 zonse zimatha kuchita zimenezi. Ndiye kaya muli ndi SSD kaya hard disk, chisankho chanu sichisintha.

Ndani winanso awerenge disikiyi?

Funso ili ndi limene ambiri amaiwala. Linux imawerenga ndi kulemba FAT32, exFAT ndi NTFS popanda vuto. Windows payokha siwerenga ext4. Choopsa n'chakuti mukailowetsa fulashi kapena disiki ya ext4, Windows itha kukuuzani kuti muyenera kuifomata kaye musanaigwiritse ntchito. Disikiyo sinawonongeke, kungoti Windows sikutha kuwerenga kaundulayo. Mukavomera, zonse zapita. Mac nayo imawerenga NTFS koma payokha siilembamo.

Apa ndi pamene exFAT imathandiza. Microsoft inaitulutsa mu 2006 kuti ikhale ya mafulashi ndi mamemori khadi. Ilibe malire a 4 GB aja, ndipo Windows, Mac ndi Linux zamakono zimaiwerenga ndi kuilemba. Koma ilibe journal, choncho ndi ya fulashi yonyamulira mafayilo, osati yoikapo operating system, ndipo muzidina "Eject" musanaizule.

Usiku umene ndinafomata chigawo cholakwika

Ndinkafuna kuika Linux Mint pambali pa Windows pa laputopu yanga. Unali usiku, ndinali nditatopa, ndipo ndinkadziona ngati katswiri. Ndinasankha "Something else" kuti ndigawe disiki ndekha. Linux sitchula zigawo kuti C: kapena D: ngati Windows. Imati sda1, sda2, sda3, kapena nvme0n1p1 pa ma SSD ena. Ndinali ndi zigawo ziwiri zokula pafupifupi mofanana. China chinali chopanda kanthu. China chinali D: yanga, mmene munali mapulani a maphunziro, malikisi a Fomu 4 a teremu yonse ndi zithunzi za banja. Ndinasankha ext4, n'kuchonga "Format" pa chigawo chimene ndinkaganiza kuti n'chopanda kanthu.

Ndinazindikira m'mawa. Thukuta linatuluka ngakhale kunali kozizira. Ndinazimitsa laputopu nthawi yomweyo kuti pasalembedwenso china, kenako ndinagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa PhotoRec. Pulogalamuyi siidalira kaundula. Imayenda bokosi ndi bokosi kufunafuna zizindikiro za poyambira chithunzi kapena chikalata. Inandibwezera mafayilo ambirimbiri, koma onse opanda mayina awo ndiponso opanda mafoda, angokhala ndi manambala. Mayina anali mu kaundula, ndipo kaundulayo ndinali nditamufufuta ndi dzanja langa. Zithunzi zambiri zinabwera. Fayilo ya malikisi inali pamalo pamene Linux inalembapo kale zake, ndipo sinabwerenso. Ndinatha masabata awiri ndikutolera mapepala a mayeso kwa ophunzira ndi kulembanso malikisi mmodzimmodzi. Mwayi wanga unali wakuti inali hard disk. Ikanakhala SSD, TRIM ikanatha kufufutiratu zonse.

Taonani kuti ext4 sinalakwe, ndipo kusankha ext4 kunali kolondola. Ndinalakwitsa malo, ndipo ndinalibe kope lina la mafayilo anga.

Ndiye musankhe bwanji?

Pa chigawo chilichonse dzifunseni mafunso atatu. Pakhala chiyani pamenepa? Ndi makompyuta ati kapena zipangizo ziti zimene ziyenera kupawerenga? Pali kale zinthu zimene ndikuzifuna?

Tiyerekeze kuti muli ndi laputopu ya 500 GB yokhala ndi Windows, ndipo mukufuna kuwonjezera Linux. Kachigawo ka EFI, ka FAT32 kaja, kalipo kale. Linux idzaikamo mafayilo ake oyatsira pambali pa a Windows, koma musakafomate, apo ayi Windows siyakanso. Chigawo cha Windows ndi NTFS, chisiyeni chomwecho. Kuti mupeze malo a Linux, chichepetseni muli mu Windows momwemo pogwiritsa ntchito Disk Management ndi "Shrink Volume". Pamalo opanda kanthu amene atsalawo pangani chigawo cha ext4, ndipo pa "Mount point" musankhe chizindikiro cha /. Ichi chokha ndi chimene muchonge "Format". Ngati mukufuna malo oika nyimbo ndi manotsi oti muziwapeza mbali zonse ziwiri, chigawo chimenecho chikhale NTFS, popeza Windows ndi Linux zonse zimaiwerenga ndipo ili ndi journal. Mukatero muzimitse Fast Startup mu Windows. Ikakhala yoyaka, Windows siitseka NTFS kwathunthu pozima, ndipo Linux imakana kulembamo poopa kuwononga zinthu.

Ngati zonsezi zikukuchititsani mantha, sankhani mzere wonena kuti muike Linux "alongside" Windows, pulogalamuyo igawe yokha. Mzere woyamba ndi mawu akuti "Erase disk" umatanthauza zomwezo basi: disiki yonse, Windows ndi D: yomwe. Usankheni pokhapokha mukufunadi kuyamba ndi disiki yoyera.

Musanayambe, koperani mafayilo anu ofunika pa disiki ina kapena fulashi ina, muitsegule pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti alimodi, kenako muizule n'kuiika kutali. Lembani papepala kukula kwa chigawo chilichonse monga mmene Disk Management ikuonetsera, kuti mukaona sda3 ndi sda4 musamangolota. Batire la laputopu likhale lodzaza, ndipo ngati ndi kompyuta ya padesiki yopanda UPS, musagawe disiki nthawi imene magetsi akuphethiraphethira. Kumbukiraninso kuti fulashi imene muikepo pulogalamu yoikira Windows kapena Linux nayo imafufutidwa yonse. Ndipo ngati kompyutayo ndi ya makolo, ya achimwene kapena ya sukulu, pemphani kaye.

Mnyamata uja tinakopera vidiyo yake titafomata fulashi kukhala exFAT, ndipo inalowa bwinobwino. Lolemba anabweranso.

"Aphunzitsi, pa laputopu ikusewera, koma TV ya kunyumba ikuti mulibe kanthu."

TV yawo ndi yakale, imadziwa FAT32 koma exFAT ayi. Tinali titayankha funso loyamba n'kuiwala lachiwiri. Tinabwezera fulashi ku FAT32 n'kudula vidiyoyo pawiri, chidutswa chilichonse chosafika 4 GB.

Nayi ntchito yanu sabata ino, yosafuna kufomata chilichonse. Pezani kompyuta ya Windows, mutsegule Properties ya C: ndi ya fulashi yanu, mulembe file system ya chilichonse. Kenako sankhani mafayilo atatu ang'onoang'ono pa C:, okula kuposa 1 KB, mulembe "Size" ndi "Size on disk", mugawe nambala ya ma byte a "Size on disk" ndi 4096. Mukapeza nambala yathunthu, mwawerenga nokha ma cluster amene fayiloyo yatenga. Chitaninso chimodzimodzi pa fulashi. Ngati fayilo yomweyo ikutenga malo ambiri pa fulashi kuposa pa C:, yesani kupeza kukula kwa cluster ya fulashiyo.